Nkhokwe imodzi, makomo ambiri: headless CMS ndi bizinesi ya masiku ano

Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi idachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. M'masiku otsatirawo eni mabizinesi adatanganidwa ndi kufufuta mitengo yakale. Pa shelefu ntchitoyo idali ya cholembera chabe, koma pa intaneti idavuta. Mtengo wa chinthu chimodzi udali utalembedwa pa webusayiti, pa Facebook, pa WhatsApp komanso pa zithunzi zomwe zidatumizidwa kale m'magulu osiyanasiyana.

Vutoli ndi limene likuchititsa kuti akatswiri a makompyuta azikamba za njira yotchedwa headless CMS. Dzinali likumveka lachilendo, koma nzeru yake ndi yomwe wamalonda aliyense amaidziwa kale: katundu asungidwe malo amodzi, atulukire makomo ambiri.

CMS n'chiyani?

CMS ndi pulogalamu yothandiza munthu kuika mawu, zithunzi ndi mitengo pa webusayiti ngakhale asadaphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta. Yotchuka kwambiri ndi WordPress, yomwe Matt Mullenweg ndi Mike Little adaiyambitsa mu 2003, ndipo lero ikuyendetsa mawebusayiti oposa 40 mwa 100 aliwonse padziko lapansi. Palinso Drupal, yomwe Dries Buytaert wa ku Belgium adaitulutsa mu 2001.

M'mapangidwe awo akale, mapulogalamuwa adamanga pamodzi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yosungirako zinthu, komwe mwini bizinesi amalemba. Yachiwiri ndi imene wogula amaiona, yomwe akatswiri amaitcha mutu. Zili ngati shopu yomwe chipinda chosungiramo katundu chili kuseri kwa kauntala: khoma ndi limodzi, khomo ndi limodzinso. Chilichonse cholembedwa m'menemo chimatulukira pa webusayiti yokhayo.

Headless CMS imachotsa mutuwo, n'chifukwa chake imatchedwa yopanda mutu. Chotsala ndi nkhokwe yokha. Zosungidwamo zimatuluka kudzera pa njira yotchedwa API, yomwe tingaiyerekeze ndi wakabaza wonyamula katundu kuchoka ku depoti kukatula kwa aliyense amene waitanitsa. Wakabazayo safunsa kuti shopu yolandirayo ndi yopakidwa penti wanji. Webusayiti ikapempha mtengo wa bedi, amaupereka. Pulogalamu ya pa foni ikapempha, amapereka womwewo.

Momwe zingayendere ku Mtsiliza

Tiyerekeze kampani yaing'ono ya akalipentala ndi owotcherera zitsulo ku Mtsiliza mumzinda wa Lilongwe, yopanga mabedi, makabati, mafelemu a mawindo ndi mageti. Ambiri mwa oigula sakhala m'deralo. Ena akumanga nyumba ku Area 25 kapena ku Area 49, ena ali ku Johannesburg ndipo akufuna kugulira makolo awo mipando. Onsewa amayamba kuona katunduyo pa foni.

Matabwa ndi zitsulo zikakwera mtengo, mwini kampaniyo ayenera kukumbukira malo onse amene adalembapo mtengo wa kabati. Akaiwala amodzi, kasitomala amaona K180,000 pa Facebook, amalipira minibasi mpaka ku Mtsiliza, n'kuuzidwa kuti kabatiyo tsopano ili pa K230,000. Munthu wotere amabwerera akuganiza kuti wanamizidwa, ndipo nkhaniyo amakaifotokoza kwa anzake. Palinso mbali ya malamulo, pakuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza kutsatsa malonda mosocheretsa ogula.

Mu headless CMS kabatiyo salembedwa ngati tsamba lokongoletsedwa ayi. Imagawidwa m'timagawo: dzina lake, mtundu wa matabwa, kutalika ndi kutambalala kwake, mtengo, zithunzi, ndiponso ngati ilipo kapena yatha. Kagawo ka mtengo kakasinthidwa kamodzi, malo onse olumikizidwa ku nkhokweyo amalandira mtengo watsopano. Ngakhale mndandanda wa katundu wa pa Facebook ndi Instagram ungathe kumatenga zinthu kuchokera komweko pa nthawi zoikika. Zithunzi zomwe zidafalikira kale m'magulu a WhatsApp zokha ndi zimene sizingabwezedwe, n'chifukwa chake ndi bwino kutumiza linki m'malo molemba mtengo pa chithunzi.

Kugawa kotereku kumathandizanso pa zilankhulo. Kabati imodzi ikhoza kukhala ndi mafotokozedwe a Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi, koma mtengo wake n'kukhala umodzi.

Phindu lake m'dziko muno

Amalawi adazolowera kale kupeza chinthu chimodzi kudzera m'makomo angapo. Kasitomala wa National Bank amaona ndalama zake pa pulogalamu ya pa foni kapena poimba *626#, ndipo chiwerengero chimakhala chimodzimodzi. Airtel Money ndi TNM Mpamba zimafikiridwa ngakhale pa foni ya mabatani. Mabanki ndi makampani a foni sagwiritsa ntchito CMS posunga ndalama, koma maganizo ake ndi ofanana: choona chimakhala malo amodzi, ndipo khomo lililonse limachionetsa molingana ndi chipangizo chomwe munthu ali nacho.

Phindu lachiwiri ndi la bandulo. Popeza mutu umamangidwa paokha, katswiri akhoza kupanga tsamba lopepuka, lokhala ndi zithunzi zochepetsedwa kukula, lomwe limatseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta. Wogula amene bandulo yake yatsala pang'ono kutha sadikira tsamba lolemera.

Chachitatu ndi chitetezo. Khomo lolowera kukasintha zinthu silikhala pamalo amodzi ndi tsamba la anthu onse, choncho mbava za pa intaneti zimapeza mipata yochepa. Izi sizichotsa udindo wa mwini bizinesi. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, likufuna kuti wosunga maina ndi manambala a foni a makasitomala aziwasamala.

Pomwe pali minga

Nkhokwe yopanda khomo sigulitsa kanthu. Amene wasankha headless CMS ayenera kulemba ntchito katswiri womanga mutu uliwonse, ndipo katswiriyo adzafunikanso tsiku limene zinthu zidzasokonekere. Ndi WordPress yachizolowezi, munthu wodziwa pang'ono akhoza kusankha maonekedwe opangidwa kale n'kutsegula tsamba m'masiku ochepa. Ndi njira yatsopanoyi sizitheka choncho. Ngakhale kuona momwe nkhani idzaonekere isadatulutsidwe kumafuna kuti katswiri akonzeretu.

Munga wina ndi ndalama zakunja. Makampani otchuka pa ntchitoyi, monga Contentful ya ku Berlin yomwe idayamba mu 2013 ndi Sanity ya ku Oslo, amalola oyamba kumene kugwiritsa ntchito ulere mpaka mulingo wina, koma bizinesi ikakula malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, m'madola kapena mayuro. M'dziko lomwe ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, kulephera kulipira mwezi umodzi kukhoza kusokoneza malonda onse. Strapi ya ku France ndi yaulere kwa amene akufuna kuiika pa seva yake, komabe sevayo imalipiridwa ndipo imafuna woisamalira.

Pali njira yapakati. Kuyambira mu Disembala 2016, WordPress ili ndi API yakeyake yotulutsira zolembedwa. Izi zikutanthauza kuti bizinesi yomwe ili nayo kale siyenera kugwetsa zonse. Ikhoza kusunga webusayiti yake n'kuwonjezera khomo lina likafunika.

Ndani akuifunadi?

Telala kapena wogulitsa mandasi ndi makeke amene ali ndi zinthu khumi zokha sakusowa zonsezi. WhatsApp Business, yomwe idayamba mu 2018 ndipo ili ndi malo oikapo mndandanda wa katundu, ikumukwanira. Headless CMS imayamba kupindula pamene katundu wachuluka, mitengo ikusintha pafupipafupi, ndipo makomo ogulitsirapo apitirira awiri. Mahadiweya okhala ndi nthambi zingapo, malo ogona alendo, masukulu oyima paokha ndi nyumba zofalitsa nkhani ndiwo ali m'gulu limeneli.

Akatswiri oimanga alipo m'dziko momwe muno, ochokera m'sukulu za ukachenjede monga MUBAS, MUST ndi Mzuni, komanso m'malo ophunzitsira achinyamata luso la makompyuta ngati mHub ku Lilongwe. Asadasayine mgwirizano ndi aliyense, mwini bizinesi afunse mafunso anayi. Kodi akaunti ndi dzina la webusayiti zilembedwa m'dzina la ndani? Nanga malipiro a pamwezi ndi angati, ndipo ndi a ndalama yanji? Kodi wogwira ntchito wamba angasinthe mtengo pa foni popanda kuitana katswiri? Ndipo akasemphana, zithunzi ndi zolembedwa zonse zingatulutsidwe bwanji?

Ntchito yoyamba siifuna ngakhale tambala: kulemba katundu yense pa mndandanda umodzi, chinthu chilichonse ndi dzina, muyeso, mtengo ndi chithunzi chake, n'kugwirizana kuti mtengo woona ndi wa pamenepo basi. Bizinesi yomwe yachita zimenezi yayala kale maziko, kaya idzasankha pulogalamu iti m'tsogolo.