Asanakhale pa mpando wonona, ankagwira ntchito yanji?

Wochoka ku Area 9 kulowera ku Old Town amakumana ndi ntchito zamitundumitundu asanafike n'komwe pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe: mlonda amene wachezera pa geti usiku wonse, wosesa pabwalo, wakabaza, telala amene wakhazika makina ake pakhonde la sitolo. Akapitirira mpaka ku City Centre apeza Capital Hill, Nyumba ya Malamulo ndi chiliza cha Kamuzu. Ambiri timaganiza kuti mbali ziwirizi za mzinda sizidziwana. Koma upulezidenti ndi ntchito yopanda sukulu yake. Malamulo oyendetsera dziko lino amafuna kuti woyimira akhale nzika ya zaka zosachepera 35, ndipo sanena za digiri. Choncho aliyense amafika pa mpandowo atasenza zida za ntchito imene ankagwira kale.

Tiyambe ndi mwini chiliza uja. Timamudziwa ngati dokotala, koma udokotala unabwera mochedwa. Hastings Kamuzu Banda anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, nakapeza ntchito yapansi pa chipatala cha ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu, ku Zimbabwe. Kenako anakagwira pa mgodi wa malasha ku Dundee, ku Natal, asanakhale kalaliki ndi womasulira pa mgodi wa golide kufupi ndi Johannesburg. Imeneyi ndi njira yomwe agogo athu ambiri opita ku Joni anayenda. Kusiyana kwake n'kwakuti iye sanabwerere ndi njinga ndi wailesi. Mpingo wa AME unamuthandiza kupita ku America, komwe anaphunzira ku Wilberforce, ku Chicago, ndi ku Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, namaliza mu 1937. Anachiza odwala ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi, nabwera kuno pa 6 July 1958. Ndikawerenga za ulamuliro wake ndimaona dokotala wa nthawi imeneyo, amene salola wodwala kutsutsa mankhwala. Mu 1964 nduna zomwe zinayesa kutsutsa zinathawa m'dziko, ndipo mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya.

Dera la Tennessee, kumene Kamuzu anaphunzira udokotala, ndi lomwenso linatulutsa pulezidenti wa America amene anali telala. Andrew Johnson sanapondeko m'kalasi. Anamupereka kwa telala ali ndi zaka pafupifupi khumi, anathawako, kenako anatsegula shopu yake ku Greeneville, ndipo mkazi wake Eliza ndiye anamuthandiza kulemba bwino ndi kuwerengera. Analowa pa mpando mu 1865 Abraham Lincoln ataphedwa. Munthu angayembekeze kuti wodziwa umphawi chotere akanamvera chisoni akapolo amene anali atangomasulidwa. Ayi ndithu. Anakana malamulo owateteza, ndipo mu 1868 anapulumuka kuchotsedwa pa udindo ndi voti imodzi yokha. Amene amatiuza pa misonkhano ya ndale kuti tiwavotere chifukwa anakula osavala nsapato, nkhani ya telalayu iwafikire.

Atsogoleri oyambirira a America, asanafike Lincoln ndi Johnson, sanali anthu a manja okhakhala. George Washington, amene analamulira kuyambira 1789 mpaka 1797, anayamba ngati woyeza malo ali mnyamata, kenako msilikali. Mabuku amamutcha mlimi wa ku Mount Vernon, amatchanso Thomas Jefferson mlimi wa ku Monticello, koma makasu anali m'manja mwa akapolo. Washington pomwalira mu 1799, pa munda wake panali akapolo oposa 300. Mwa apulezidenti asanu oyamba, anayi anachokera ku Virginia ndipo onse anayi anali ndi akapolo. Wotsalayo, John Adams, mwana wa mlimi yemwe ankasokanso nsapato, anayamba waphunzitsa sukulu asanakhale loya, ndipo sanakhalepo ndi kapolo. Ku Virginia komweko ndi kumene John Chilembwe anakaphunzira ubusa, ku Lynchburg, nabwera mu 1900 kudzaona thangata wa pa esiteti ya Magomero.

Kwathu kuno ndale zinabadwira pa desiki la kalaliki ndi pa bolodi la mphunzitsi, chifukwa m'nthawi ya atsamunda munthu wakuda wophunzira ankathera pamenepo. James Sangala, mmodzi wa oyambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, anali kalaliki wa boma. Kanyama Chiume anali mphunzitsi. Orton Chirwa anaphunzitsa asanakhale loya ndi kuyambitsa Malawi Congress Party mu 1959. Kalaliki ankalemba makalata a bwana, n'kumaona malipiro a mzungu ndi a iye mwini pa pepala limodzi. Mkwiyo wa Congress unayambira pamenepo.

Otsatira Kamuzu sitiwachulutsira mawu. Bakili Muluzi anakhalako kalaliki wa khoti, kenako mkulu wa sukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa, kenako wabizinesi, ndipo ulamuliro wake wa 1994 mpaka 2004 unatsegulira mavenda misewu. Bingu wa Mutharika anali katswiri wa zachuma amene anatsogolera bungwe la COMESA. Anabwera ndi makuponi a feteleza, koma anthu atachita zionetsero mu July 2011 chifukwa cha kusowa kwa mafuta, anawayankha ngati ana a sukulu osamva, ndipo anthu anafa m'misewu. Joyce Banda anayamba ngati sekilitale, nachita bizinesi yosoka zovala, nayambitsa bungwe la amayi abizinesi la NABW. Peter Mutharika anaphunzitsa malamulo kwa zaka zambiri ku Washington University, mu mzinda wa St. Louis. Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, ndipo ngakhale omutsutsa amavomera kuti kulankhula pagulu amakutha.

Chimene ndimachiona kukhala chachikulu si ntchito imene munthu anachokera, koma ngati ali wokonzeka kubwererako. Washington, ndi zolakwa zake zonse, atakwanitsa matemu awiri anabwerera kumunda popanda lamulo lomukakamiza. John Quincy Adams, pulezidenti winanso wa America, atagonja pa chisankho cha 1828 sanachite manyazi kukhala phungu wamba, ndipo anathera zaka zake zomaliza akulimbana ndi eni akapolo m'nyumba ya malamulo. Kwathu zimenezi n'zosowa. Kamuzu anakhala mpaka mavoti a 1994 atamuchotsa. Muluzi mu 2002 anayesa kusintha malamulo kuti ayimenso, aphungu namukanira. Phungu amene wagwa pa chisankho sabwerera kukalasi kapena kuchipatala. Amangosintha mtundu wa nsalu ya chipani, kudikira ukazembe kapena mpando wa mu bodi.

Tikamamva wina akutchulidwa maudindo onse, Dokotala, Pulofesa, M'busa, tisamangoombera m'manja. Timufunse komwe ankagwira ntchito, tifunse amene ankagwira naye ngati ankawalipira pa nthawi yake ndi kuwamvera akamudzudzula, ndipo timufunsenso chimene adzachite mavoti akadzamutembenukira.