Nyali zayaka, kodi helikopita yatha?

Amene anakwerapo njinga yamoto kuchokera ku Furancungo kupita ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga ku Mozambique, akudziwa zimene mabampu amachita ndi mawaya. Kawaya kamodzi kakasomphoka, injini imangoti zii. Mwini njinga amatsika, kuikankhira pamthunzi, n'kuyamba kufufuza. Mumlengalenga mulibe pokankhira.

Nkhaniyi si yakutali. Mu 2016, atolankhani anakhamukira m'mudzi wa Gobede, makilomita pafupifupi 90 kumpoto kwa Lilongwe, kukaona mmisiri wowotcherera zitsulo amene anapanga helikopita yake ndi zitsulo zotola komanso injini ya njinga yamoto ya 125cc. Injini inkalira, mapiko ankazungulira, koma akuluakulu anamuletsa kuuluka akatswiri a ndege asanaiyendere. Ine ndimamulemekeza bamboyo, ndipo ulemu womwewo ndi umene ukundichititsa kulemba za gawo limene oonerera saliona.

Magetsi a injini yotereyi amayambira pa makoyilo amene amazingidwa ndi maginito ozungulira. Magetsi otuluka pamenepo amasinthasintha kolowera, choncho pali kabokosi kamene kamawawongola ndi kuwachepetsa kuti batire iwalandire. Mmisiri wosamala sayesa pogundanitsa mawaya kuti aone moto. Amatenga multimeter. Batire ya mavolti 12 yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikamalira iyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikatsika, batire sikudya; ikapitirira kwambiri, batire ikupsa.

Polumikiza batire, waya wa negative ndiye womaliza. Pochotsa, ndiye woyamba. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chonse cha thupi la makinawo chimakhala njira yobwerera magetsi, ndiye sipanala ikakhudza positive ndi chitsulocho nthawi imodzi imalavula moto. Batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, wosachedwa kuyaka, ndipo thanki ya petulo ili pomwepo. Nthambi iliyonse ya waya ikhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Chizolowezi chomanga kawaya pamalo pa fyuzi yopsa, chomwe tachiona kambiri pa njinga ndi pa masola a m'nyumba, ndicho chimasandutsa shoti yaing'ono kukhala moto.

Mdani wamkulu ndi kunjenjemera. Helikopita imagwedezeka koposa njinga, moti waya wolimba wa m'makoma a nyumba umathyoka ngati udzu wouma. Pamafunika waya wa timitsitsi tambiri, womangidwa pafupipafupi, wotalikirana ndi ekizozi, wovekedwa mphira paliponse pamene waboola chitsulo. Mfundo yopotokola ndi zala n'kukulunga selotepi ikhoza kugwira chaka chonse pa wailesi, koma pano ayi. N'chifukwa chake kuyesa kwenikweni kumachitika injini ikulira, makina atamangidwa pansi, anthu ali kutali ndi mapiko, wina akuyang'ana ngati manambala a pa mita akudumpha.

Ndege zazing'ono za kufakitale zili ndi nzeru ina yofunika kuidziwa. Moto wa m'mapulagi suchokera ku batire, umachokera ku timakina totchedwa magneto, ndipo timakhala tiwiri, silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri. Asananyamuke, woyendetsa amazimitsa kamodzi, kumvetsera, kenako kuzimitsa kanzake. Ngati injini ikana kulira ndi kamodzi kokha, ulendo walephereka. Choopsa n'chakuti magneto imazima waya wake ukakhudzitsidwa ku chitsulo cha thupi. Wayawo ukaduka, switchi imaonetsa kuti yazima pamene injini ingathe kudzuka munthu akangoipukusa. Injini zambiri za njinga zazing'ono zili ndi pulagi imodzi basi.

Ngakhale mawaya onse atakhala bwino, mphamvu ndi nkhani ina. Injini ya 125cc imatulutsa ma horsepower pafupifupi 10, pamene Robinson R22, helikopita yonyamula anthu awiri okha, ili ndi oposa 120. Ndipo mnyamata wa ku Chidzolomondo kapena ku Tsangano amene angapeze injini yokwanira, asanachoke pansi ayenera kuyamba wakaonana ndi Instituto de Aviação Civil de Moçambique, bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo.