Muvi umaphonya usanachoke pa uta

Mpunga ukayamba kucha m'madambo a nyanja ya Chilwa ndi Chiuta m'boma la Machinga, ntchito yoingitsa mbalame imagwera anyamata a legeni. Nako ku Ulongwe, Utale ndi Phalula m'boma la Balaka n'kovuta kupeza mnyamata woweta mbuzi wopanda legeni m'khosi. Pagulu lililonse la anyamata otere sipalephera kukhala mmodzi amene anzake amamuchitira umboni kuti akaloza njiwa, ndiye kuti ndiwo zapezeka.

Koma pali vuto lina lomwe limakonda kugwera akatswiri omwewa. Tsiku lina dzanja limangoyamba kukana. Akakoka mphira, mwala umachoka asanaloze bwino. Pena amaloza ndithu koma zala zimauma, osafuna kusiya. Kumudzi sitichedwa kugamula mlandu wotere: wamuchita ndi mnzake wanjiru.

Vutoli ndi lodziwika padziko lonse, makamaka pakati pa ochita masewero olasa chandamale ndi uta. Pa Chingerezi amalitcha target panic, kutanthauza mantha omwe amagwira munthu akayang'anizana ndi chandamale. Lilibe chochita ndi ufiti, ndipo nkhani yabwino n'njakuti limatheka kuchepetsedwa, kaya ndi zipangizo kaya ndi maphunziro osalira ndalama zambiri.

Uta wa makolo

Uta si mlendo kuno kwathu. Mawu oti utawaleza komanso dzina loti Chauta akuchitira umboni kuti chida chimenechi chidazika mizu m'moyo wa makolo athu. Amuna akamapita kuuzimba ankanyamula uta m'manja, phodo la mivi kumsana, agalu patsogolo.

Alenje a m'chigwa cha Shire adali ndi chinsinsi china. Ankapaka mivi yawo ululu wochokera ku njere za mtengo woyanga wotchedwa kombe. M'chaka cha 1859, David Livingstone ndi dokotala John Kirk adakwera mtsinje wa Shire mpaka kukaona nyanja ya Chilwa, ndipo pamaulendo a m'chigwachi Kirk adatolera kombe kuti akamuunike. Mbiri imati ululu pang'ono udakhudza mswachi wake, ndipo atatsuka mkamwa adazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1880, katswiri wina wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, adasandutsa ululuwo kukhala mankhwala a mtima otchedwa strophanthin.

Kwa mlenje, kombe ankatanthauza kuti muvi sunkafunika kulasa penipeni. Bola walowa m'thupi la nyama, chotsala kunali kulondola mapazi mpaka pomwe yagwera.

Masiku amenewo adapita. Nkhalango ya Liwonde, yomwe idakhazikitsidwa ngati malo otetezedwa a boma m'chaka cha 1973, yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira 2015. Misampha ya waya yoposa 30,000 idachotsedwamo, mikango idabwezeretsedwa mu 2018, ndipo zipembere 17 zidafika kuchokera ku South Africa mu 2019. Lamulo loteteza nyama lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017 limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa opha nyama zotetezedwa kwambiri.

Choncho mnyamata wa dzanja lolunjika ku Machinga kapena ku Balaka watsala ndi njira imodzi yabwino yoonetsera luso lake, yomwe ndi chandamale. Tsono pachandamale palibe kombe wokuthandiza. Pomwe muvi walasa ndi pomwepo.

Matenda a akatswiri

Pamasewero a Olympics, wolasa amaima mamita 70 kuchokera pachandamale, mtunda wopitirira theka la bwalo la mpira wamiyendo. Chandamalecho n'chotambalala masentimita 122, koma kabwalo ka pakati kopatsa mapointi 10 n'kamasentimita 12.2 okha, kukula ngati chimbale cha CD. Pandime yoyamba aliyense amaponya mivi 72, ndipo amuna ambiri amakoka nsinga yolimba ngati kunyamula katundu wa makilogalamu pafupifupi 20 ndi zala zitatu. Akafika pandime yopikisana awiriawiri, muvi uliwonse umapatsidwa masekondi 20.

Pamtunda wotere, kugwedezeka kwa chala komwe diso silingaone kumasandutsa mapointi 10 kukhala 6. Apa ndi pomwe mantha aja amalowera.

Aphunzitsi a masewerowa amati vutoli limabwera m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuuma: munthu amakweza uta koma dzanja limaima pansi kapena pambali pa kabwalo ka pakati, ngati pali wina waligwira. Yachiwiri ndi phuma: diso likangoona mtundu wachikasu wa pakati, zala zimasiya nsinga zokha munthu asanamalize kukoka. Yachitatu ndi kudzidzimuka, pomwe thupi lonse limanjanjamuka nthawi yosiya nsinga.

Gwero lake lili m'bongo. Nsinga ikamasuka, uta umagwedeza thupi. Munthu akaponya mivi mazanamazana, bongo umaphunzira kuti kugwedezako kumabwera diso likangofika pakati pa chandamale, tsono umayamba kukonzekeretsa minofu nthawi isanakwane. N'chimodzimodzi mwana amene amalimbitsa thako jekeseni isanamufike. Pamwamba pa izi onjezanipo mantha oopa kuphonya pamaso pa anthu, mtima n'kuyamba kuthamanga, manja thukuta lokhalokha.

N'chifukwa chake vutoli limakonda anthu oti aponya nthawi yaitali kusiyana ndi ongoyamba kumene. Wongoyamba sadziwa choti aope. Ndipo wodwalayo akamalimbikira kuponya mivi yambiri pachandamale chomwecho pofuna kudzikonza, amangokhala ngati akuthirira chizolowezi choipacho.

Zipangizo zomasulira nsinga

Nzeru yothandiza zala pomasula nsinga ndi yakale. Ku Korea, China, Mongolia ndi Turkey, olasa ankavala mphete ya nyanga, fupa kapena mwala pachala chachikulu, n'kumakokera nsinga pamenepo kuti izichoka mosakodwa.

Zipangizo za makono zidafala pamodzi ndi uta wa mawilo wotchedwa compound, womwe Holless Wilbur Allen wa ku Missouri m'dziko la America adalandira chiphaso cha umwini wake mu 1969. Mawilowo amachepetsa kulemera kwa nsinga munthu akamaliza kukoka, kotero amatha kuloza nthawi yotalikirapo. Olasa ndi uta umenewu sagwira nsinga ndi zala. Amaikola ndi kachipangizo kachitsulo kotchedwa release aid, ndipo kalipo ka mitundu inayi.

Koyamba n'komangirira pamkono ngati wotchi, kokhala ndi kachitsulo kokoka ndi chala cha mkombaphala monga pamfuti. N'kosavuta kuphunzira, koma ndi komwenso kamabala vuto msanga, chifukwa munthu amazolowera kukantha kachitsuloko akangoona pakati.

Kachiwiri n'kogwira m'manja, kokhala ndi batani la chala chachikulu. Odziwa salidina batanilo. Amangoligoneka pachala n'kupitiriza kukoka ndi minofu ya kumsana mpaka litadinika lokha.

Kachitatu, kotchedwa hinge, kalibe batani. Kamamasula nsinga kakapendekeka pang'onopang'ono ngati chitseko, pomwe chigongono chikubwerera m'mbuyo. Kachinayi kamamasuka kokha mphamvu yokokera ikafika pamlingo womwe mwiniwake adatchera.

Awiri omalizawa ndiwo amene aphunzitsi amakonda kupatsa munthu wogwidwa ndi mantha. Chinsinsi chake n'chakuti wolasa sadziwa kamphindi kenikeni komwe muvi uchoke. Bongo ukapanda kudziwa nthawi, umasowa poyambira kudzidzimuka. Ntchito ya munthu imangotsala iwiri: kuyang'ana pakati ndi kupitiriza kukoka.

Umboni woti zala si ndizo zimalasa ndi Matt Stutzman wa ku America, yemwe adabadwa wopanda manja. Iye ankagwira uta ndi phazi, kachipangizo komasulira nsinga katamangiriridwa paphewa. Adapata mendulo ya siliva pamasewero a Paralympics ku London mu 2012, ndipo mu 2024 adatenga ya golide ku Paris.

Koma uta wa recurve, womwe wakhala ukugwiritsidwa ntchito ku Olympics, malamulo ake salola zipangizo zimenezi. Nsinga imakokedwa ndi zala zotetezedwa ndi kachikopa. Chomwe chimaloledwa ndi clicker, kachitsulo kopyapyala komwe kamagona pamuvi. Wolasa akakoka mpaka nsonga ya muvi itadutsa kachitsuloko, kamamenya uta n'kumveka kuti "tha", ndipo ndi pomwe amasiya. Pamenepa lamulo losiya nsinga limachokera kukhutu, diso n'kutsala ndi ntchito yoloza basi.

Tisanamizane, chipangizo pachokha sichichiritsa munthu. Alipo ambiri amene amaphunzira kupotoza hinge mwaphuma kapena kudzidzimuka ndi kulira kwa clicker, matenda aja n'kubwerera. Komanso zipangizozi n'zoitanitsa kunja, mtengo wake si woti mnyamata wa ku Ntaja kapena Nsanama angaufikire.

Mankhwala osalira ndalama

Mwamwayi, njira zomwe aphunzitsi amadalira kwambiri n'zoti aliyense akhoza kuzitsata pakhomo.

Njira yoyamba ndi kuchotsa chandamale. Dzazani thumba la feteleza ndi sanza kapena mapepala apulasitiki, liimikeni mamita atatu kapena asanu kuchokera pomwe mwaima, popanda chojambula chilichonse. Ponyani mivi pamenepo, maganizo onse ali pamsana ndi pachigongono. Ena amatsinzina kumene kuti amve bwino momwe nsinga ikuchokera. Izi zimafuna masabata, osati tsiku limodzi.

Yachiwiri ndi kuloza osaponya. Kokani uta, lozani pakati, werengani mpaka 5, kenako bwezani nsinga pang'onopang'ono muvi uli pomwepo. Mukatero kambirimbiri, bongo umaphunzira kuti kuona pakati si lamulo loti muvi uchoke.

Yachitatu ndi kuvomereza kuti dzanja la munthu wamoyo siliima nji. Ngakhale akatswiri a dziko lonse, poloza pawo pamayendayenda pang'ono mozungulira pakati. Wofuna kuwakha kamphindi komwe dzanja ladutsa penipeni ndiye amagwa m'phuma. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachinayi ndi kuchepetsa katundu. Uta wolimba kuposa mphamvu zako umakukakamiza kusiya msanga. Ophunzira m'maiko ambiri amayamba ndi lamba wa mphira asanakhudze uta, ndipo ku Balaka, komwe njinga za kabaza zili mbwee, machubu otha ntchito sasowa. Kachikopa koteteza zala nako kakhoza kudulidwa kunsapato yakutha.

Munthu akaona kuti dzanja layamba kumvera, abwezeretse chandamale chachikulu pafupi, n'kumatalikira pang'onopang'ono. Vuto likayambiranso, abwerere pathumba lija popanda manyazi.

Pochita zonsezi chitetezo chikhale patsogolo. Kumbuyo kwa chandamale kusakhale njira, nyumba kapena ziweto. Ana aime kumbuyo kwa woponya, ndipo pasapezeke wokatola mivi wina akadali ndi uta m'manja. Uta wa makono suyenera kukokedwa n'kusiyidwa wopanda muvi, chifukwa umatha kusweka n'kuvulaza mwiniwake.

Njira idatsegulidwa kale

Wina akhoza kufunsa kuti kodi zonsezi zingamufikitse kuti Mmalawi. Yankho ndi Areneo David, Mmalawi woyamba kupikisana nawo pamasewero a uta ku Olympics. Iye adaphunzitsidwa ndi mayi Park Young-sook a ku South Korea, omwe nawonso adapikisanapo ku Olympics ya ku Los Angeles mu 1984.

David adaimira dziko lino ku Rio de Janeiro mu 2016, komwe adagonja kwa David Pasqualucci wa ku Italy. Adapitanso ku Tokyo pamasewero omwe adachitika mu 2021, ndipo adakumana ndi Kim Je-deok wa ku South Korea, mnyamata wa zaka 17 yemwe adatsogola pandime yoyamba ndi mapointi 688 mwa 720. Kim adapambana 6-0, koma pandime yotsatira naye adatulutsidwa ndi Florian Unruh wa ku Germany. Pamasewero awa palibe amene ali ndi mtima wachitsulo.

Anthu a ku South Korea amalidziwa bwino phunziro limeneli. Timu yawo ya amayi yapambana golide ku Olympics maulendo 10 motsatizana, kuyambira 1988 mpaka 2024. Mwa zina, pokonzekera amakaponya mivi m'mabwalo a masewero a baseball modzaza anthu aphokoso, cholinga choti mtima uzolowere.

Mwayi ukunka nukula. Mu 2025 akuluakulu a Olympics adalengeza kuti uta wa compound, womwe umalola zipangizo zomasulira nsinga zija, udzakhala nawo koyamba pamasewero a ku Los Angeles mu 2028, pampikisano wa matimu a mwamuna ndi mkazi.

Masewerowa safuna bwalo la udzu wothirira kapena osewera 11. Bwalo la sukulu ya pulayimale, thumba la sanza ndi mphunzitsi wamasewero wodziwa kuphunzitsa kudekha n'zokwanira poyambira, ndipo atsikana akhoza kupikisana mofanana ndi anyamata. Aphunzitsi, mafumu ndi makomiti a zamasewero m'maboma a Machinga ndi Balaka ali ndi mwayi wosonkhanitsa ana aluso amenewa asanakopeke ndi za m'nkhalango ya Liwonde.

Ndipo mwana wotere akadzayamba kuphonya mosadziwika bwino, makolo musathamangire kwa sing'anga kapena kuloza chala anansi. Muchotsereni chandamale, mumuimike pafupi ndi thumba, ayambirenso kuphunzira kusiya nsinga.