BP sifunsa zaka

"Anangodandaula mutu, kenako n'kugwa." Mawu amenewa ndawamva pamaliro ambiri. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti omwe tikuika m'manda si agogo okha ayi. Muli anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, anzathu omwe timacheza nawo pa WhatsApp tsiku ndi tsiku.

Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Kuipa kwa BP ndi kumeneko, nthawi zambiri sipweteka. Umadya, kugwira ntchito, kuseka, kwinaku mtima, impso ndi mitsempha ya muubongo zikuonongeka mwakachetechete. Umadziwa pokhapokha utayezetsa, ndipo manambala akamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, achipatala amati vuto lilipo.

Kwathu tinayambira pa mchere, mayi atawapeza ndi BP ali ndi zaka 61. Poyamba anakana. "Ana inu, ine ndakula ndi mchere, mundisinthe lero?" Koma nkhani yake njosavuta kumva. Mchere umachititsa thupi kusunga madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa mwamphamvu kuposa muyezo. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku. Imeneyo ndi kasupuni ka tiyi kamodzi basi, kuphatikiza zonse zomwe wadya kuyambira m'mawa.

Apa ndi pomwe ambirife timapusitsika, chifukwa timangowerengera womwe tathira mumphika. Nanga uli mu buledi? M'makhiyubu okometsera ndiwo, mu soseji, mu tchipisi cha pachiwaya chomwe timawazanso mchere wina pamwamba? Ngakhale soda wa mu therere ali ndi sodium yemweyo. Ife tinachotsa kambale ka mchere patebulo, n'kumachepetsa wa mumphika pang'onopang'ono. Tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro zinatenga malo. Masabata oyamba ndiwo zinkamveka zozizira, osanama. Kenako lilime linazolowera, moti pano mayi ndi omwe amadandaula akadya kwina kuti mchere wawawa.

Za masewera olimbitsa thupi sindichulukitsa. Akatswiri amati mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku asanu. Kuyenda ndawala kukukwana, kulima ndi kupalasa njinga nakonso. Ine ndimatsika minibasi siteji imodzi ndisanafike, ndipo kabaza ndimakwera ndikanyamula katundu. Jimu njabwino kwa amene ali nazo ndalama zake.

Chovuta kwenikweni ndi pakamwa pa anthu. Ukanenepa amati, "Eee, zikuyendatu!" Ukachepako thupi ayamba kunong'onezana kuti mwina ukudwala. Ndikuona kuti chimenechi chimabweza m'mbuyo achinyamata ambiri kuposa ulesi.

Kwa amene akuti nthawi inawathera, panali Fauja Singh, mlimi wobadwira ku Punjab yemwe anadzakhala ku Britain. Anathamanga mpikisano wake woyamba wa marathon ku London mu 2000 ali ndi zaka 89, ndipo mu 2011 anamaliza wina ku Toronto ali ndi zaka 100. Sindikuti agogo anu ayambe kuthamanga makilomita 42 ayi, kuyenda kupita kutchalitchi n'kubwerako kukuwakwana.

Chimodzi chomwe ndimakangana nacho ndi anthu: kuchepetsa mchere sikulowa m'malo mwa mankhwala. Ena BP ikatsika amaponya mapiritsi kumphepo n'kuyamba madzi a adyo ndi mandimu omwe aona pa Facebook, kuiwala kuti yatsika chifukwa cha mapiritsi omwewo. Mayi amamwabe awo m'mawa uliwonse, ndipo tsiku la sikelo yawo ndimawaperekeza, nane n'kupereka mkono kuti andiyeze.