Chifukwa chake uranium amamusandutsa mpweya

Ku Mavuzi, m'chigawo chathu chino cha Tete, m'nthawi ya Apwitikizi ankakumbako mwala wa davidite, womwe uli ndi uranium. Kuphiri la Muambe kuli fluorite, mwala wotulutsa fluorine. Ife a chemistry timadziwa kuti uranium ndi fluorine zikakumana zimabala uranium hexafluoride: atomu imodzi ya uranium yozunguliridwa ndi maatomu 6 a fluorine.

Anzathu a ku Malawi ali ndi mgodi wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mitengo ya uranium itagwa. Zotuluka kumeneko ndi ufa wotchedwa yellowcake, ndipo ufawo paokha sungayendetse makina ambiri opangira magetsi. Mu uranium wachilengedwe, mtundu wofunikawo, U-235, ulimo 0.7 peresenti chabe. Makinawo amafuna 3 mpaka 5 peresenti. Wotsalayo pafupifupi yense ndi U-238, ndipo palibe asidi amene angalekanitse awiriwa. Amangosiyana kulemera basi.

Ndiye amawapeta, monga mayi wa ku Ulongwe apetera chimanga m'lichero, chopepuka uko cholemera uku. Koma maatomu sapeteka ali ufa, ayenera kukhala mpweya. Apa m'pamene hexafluoride amandigometsa. Akazizira amakhala timibulu toyera, koma pa madigiri 56.5 amasanduka mpweya osayamba wasungunuka. Komanso fluorine wachilengedwe ndi wamtundu umodzi wokha, motero molekyulu yolemera 349 ndi ina ya 352 zimasiyana chifukwa cha uranium yekha. Mpweyawo amauzunguza mwaliwiro m'makina a centrifuge, wolemera n'kuthawira m'mphepete.

Anthu akamva za uranium amaopa cheza. Ine chimene ndimaopa kwambiri pamankhwalawa ndi chinyezi. Akakhudzana ndi madzi, ngakhale a mumpweya tikupumawu, amatulutsa hydrogen fluoride, yemwe amadya galasi, kuwotcha khungu ndi kuwononga mapapo. Uranium naye akalowa m'thupi amayamba ndi impso.

Hexafluoride sapangidwa ku Malawi kapena ku Mozambique. Amapangidwa kutali, monga ku Port Hope ku Canada, ku Metropolis ku America ndi ku Tricastin ku France. Choncho inu oyandikana ndi migodi, m'malo moopa hexafluoride, muzifunsa za fumbi, za zotsalira za miyala yogayidwa, ndi madzi a m'mitsinje imene mumamwa.