Nsomba zoluma za mumcenga: mankhwala oyamba ndi madzi otentha

Ife a m'Zambia tilibe nyanja ya mcere, koma ambiri a ife timakwera sitima ya TAZARA kucoka ku Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam, ndipo ena amafika ku Beira ndi ku Durban. Tikafika kumeneko timakonda kuvula nsapato ndi kuloŵa m'madzi. Tiyenera kudziŵa kuti pansi pa mcenga pamabisala nsomba zaululu.

Yoyamba ndi stingray, nsomba yaphanthiphanthi ngati licero, yomwe ili ndi munga wamanomano kumcira. Siyamba munthu, koma ikapondedwa imakwapula mwendo. Ndi iyi imene inapha Steve Irwin, katswiri wa nyama wa ku Australia, mu 2006 itamubaya pacifuwa. Pomwe mcenga ukumana ndi miyala pamakhala stonefish, yooneka ngati mwala, ya minga 13 pamsana. Abale athu okhala ku Britain nawo asamale ndi weever, kansomba kamene kamadzikwirira mumcenga nkusiya minga yokha kunja.

Kwathu munthu akalumidwa ndi njoka, ena amathamangira kumanga cingwe, kutema mphini kapena kuyamwa bala. Zimenezi sizithandiza, ndipo zimangokulitsa cilonda. Mkodzo nawonso si mankhwala.

Coyamba, tulutsani wolumidwayo m'madzi. Tsukani bala, ndipo cotsani minga yokhayo imene ikuoneka pamwamba. Kenaka viikani phazilo m'madzi otentha, pafupifupi madigiri 45, kwa mphindi 30 mpaka 90. Kutentha ndiko kumacepetsa kupweteka. Wothandizayo ayambe wayesa madziwo ndi dzanja lake, cifukwa wodwala sangamve kuti akupsa. Akazizira, onjezerani ena.

Ngati munga waloŵa kwambiri, kapena uli pacifuwa, pamimba kapena pakhosi, musauzule. Thamangirani kucipatala. Citaninso cimodzimodzi munthu akayamba kubanika, kusanza kapena kukomoka, ndiponso ngati yamubaya ndi stonefish. Funsani za katemera wa kafumbata.

Nzeru yomweyi itithandiza kuno kwathu. Asodzi a mu Luangwa ndi mu Zambezi akudziŵa kuŵaŵa kwa munga wa nkholokolo poionjola muukonde. Nayonso ifunika madzi otentha, sopo ndi cipatala bala likatupa.

Poyenda m'madzi osaya a kunyanja, valani nsapato ndipo muzikhwekhwereza mapazi kuti nsomba zimve ndi kuthaŵa. Uzaninso ana anu musanawalole kukasamba.