Magulu olimbikitsana a amai apakati panthawi ya Covid-19

Matenda a Covid-19 atapezeka m'dziko la Zambia pa 18 March 2020, amai ena apakati anaopa kupita kusikelo poganiza kuti akatenga matendawo kucipatala komweko. Koma kudzitsekera panyumba kumakulitsa nkhawa, ndipo nkhawa imalanda mai tulo ndi cilakolako ca cakudya.

Apa ndi pamene kagulu kakang'ono kamathandiza, kaya amai atakhala motalikirana pabwalo, kaya akukambirana palamya. Mai akamva mnzake akuulula mantha omwewo, mtima wake umakhala pansi, ndipo namwino amapeza mpata wotsutsa mphekesera. Kumidzi, odzipereka a Safe Motherhood Action Groups amakumbutsanso amai kuti kutaya magazi kapena kutupa nkhope ndi manja kumafuna cipatala msanga, mliri ulipo kapena palibe.